Ndodo Zitatu za a Kapinga

Pa bwalo la gofu la kumapeto kwa tauni, dzina lawo la pa chiphaso ankalidziwa ndi a kalaliki okha. Ena onse, kuyambira mlonda wa pageti mpaka mabwana oimika magalimoto pamthunzi, ankangowatchula kuti a Kapinga. Anafika pamalopo ali ndi zaka 19, ndipo anawapatsa chikwakwa n'kuwalozera udzu wa m'mbali mwa mpanda, kumene mipira yosochera imakagona limodzi ndi njoka. Patatha zaka zisanu anawakweza kuti azikankha makina otchetchera. Kenako anawapatsa magilini, timabwalo ta kapinga wosalala ngati kapeti tozungulira dzenje lililonse, ndipo m'pamene dzina lija linawakanirira.

Kwa zaka 38 ankafika pantchito mame asanaume. Ankadziwa gilini imene imamwa madzi ngati chidakwa, ndi imene imapsa ukangoiiwala tsiku limodzi. Ankadziwa potsetsereka pamene maso saona koma mapazi amamva. Ndi ntchito imeneyi anaphunzitsa mwana wawo mmodzi yekhayo, wamkazi, mpaka anakhala namwino n'kukagwira ntchito kunja. Koma m'zaka zonsezo sanamenyepo mpira wa gofu ngakhale kamodzi. Lamulo linkati wantchito asasewere, ndipo a Kapinga sanali munthu woyesa ngati lamulo lili ndi mano. Akapeza mpira m'udzu ankaupukuta pa ovololo n'kukausiya ku ofesi.

Itakwana nthawi yopuma, ankayembekezera wotchi yapakhoma ngati anzawo onse amene anapuma kale. M'malo mwake Kaputeni wa kalabuyo, dokotala wa mano wamtali amene ankalankhula ngati akuwerenga nkhani pa wailesi, anawapatsa kalata. Kalatayo inkati komiti yawapatsa umembala wa moyo wonse. Anthu anawomba m'manja. Koma m'munsi mwake munali mawu ena: membala watsopano aliyense ayenera kuyamba wasewera maenje asanu ndi anayi pamaso pa Kaputeni, osamenya mpira kopitirira ka 60. Akakwanitsa, bwalo ndi lake. Akalephera, umembala wake umathera pakhonde, pomwera tiyi n'kumaonerera anzake. Kwa membala wamphatso mwayi unali umodzi wokha, ndipo tsiku lake analiika patatha masabata asanu ndi limodzi.

Ena a m'komiti anavomera mphatsoyo poganiza kuti mdalayo akangoika kalata m'felemu n'kuipachika pabalaza. A Kapinga anazimva, chifukwa pa kalabu nkhani imafika kwa antchito isanafike kwa eni ake. Kungoti khonde sankalifuna. Kuonerera anali ataonerera mokwanira.

Mwezi womwewo mwana wawo uja anali akubwerera kwawo, kudzakhaziratu. Anthu okhalitsa kunja ali ndi nthenda imodzi: chikondi amachiyeza pa sikelo ya pabwalo la ndege. Namwinoyo atamva za kalata ija, anasiya majekete ake, mapoto ndi theka la mabuku, kuti apeze malo a chikwama cha gofu chotalika pafupifupi ngati iye mwini. Anachiimika pakati pa balaza, miyendo yake iwiri n'kudzitambasula yokha. Munali ndodo khumi ndi zinayi zonyezimira, ambulera, magolovesi, ndi matumba oti munthu akhoza kutayamo makiyi a nyumba mpaka kalekale.

"Adadi, izi n'zonse," anatero. "Palibe chosowa. Wam'sitolo anati akatswiri amanyamula zomwezi."

Mayi ake anazungulira chikwamacho manja ali m'chiuno. "Zonsezi n'zomenyera kampira kamodzi?"

"Iliyonse ili ndi ntchito yake, amama."

"Ine m'khitchini umo mpeni umodzi wandikwanira chikukwatiwireni."

A Kapinga anasolola ndodo imodzi, ndipo atangoigwira anazindikira vuto lake. Inali ya anthu omenya chakumanja. Iwo anabadwa amanzere. Mphunzitsi wawo woyamba anawakwapula dzanjalo ndi rula mpaka anaphunzira kulemba ndi lamanja, ndipo mwana wawoyo ankadziwa dzanja lokhalo limene linkasaina malipoti ake a kusukulu. Anayang'ana ndodoyo, n'kuyang'ana nkhope ya mwana amene anadutsa nacho chimtolocho m'mabwalo atatu a ndege.

"Wachita bwino, mayi," anatero. "Wachita bwino kwambiri."

Masabata atatu otsatira anali a manyazi okhaokha. M'mawa uliwonse ankapita pa malo ophunzirira kuseri kwa kalabu, namwino ali pambali ndi foni yodzaza mavidiyo a anthu ophunzitsa gofu.

"Mutu pansi, adadi! Bondo lipindike! Chiuno chiyambe, manja atsatire!"

A Kapinga ankapinda bondo, n'kuiwala mutu. Akakumbukira mutu, ndodo inkadutsa pamwamba pa mpira kuti fyuu, mpira uli phee ngati sukuwadziwa. Nthawi zina ankakumba dothi lokwana kudzala mbatata. Mwana akati tiyese ina, ankasolola ina, ndipo inayo inkabwera ndi mavuto akeake.

Pafupi ndi malowo panali chipinda chosungiramo katundu, ndipo wochiyang'anira, amene onse ankamutchula kuti a Makiyi, anali mnzawo wa a Kapinga kuyambira unyamata. Ankakhala pakhomo pa mpando wopanda chotsamira, kumaonerera ngati walipira.

"Achimwene," anafuula tsiku lina, "zaka zonsezi mwakhala mukumulera kapinga ameneyu, lero mwaganiza zomulima? Ndikubweretsereni mbewu?"

"Tsekani pakamwa, inu, ntchentche zilowamo."

"Ine ndangofunsa. Khasu lilipo m'sitolo muno, n'lopepuka kuposa chimenecho."

Lamlungu lina masana, mtima utawawawa, a Kapinga anatenga chikwakwa chawo chakale n'kuyamba kutchetcha udzu wa kuseri kwa nyumba. Namwino anali atakhala pa sitepe ndi kapu ya tiyi, mayi ake akuanula zovala pachingwe. Poyamba mwanayo ankangoyang'ana poti maso alibe mpanda. Kenako anaika kapu pansi. Chikwakwacho chinkakwera pang'onopang'ono, n'kutsika chokha, chiuno chikutsogola, mutu uli duu, udzu n'kumagwa mofanana ngati wametedwa ndi lumo. Zonse zimene anthu a m'foni aja ankalalikira zinali pamenepo. Kungoti zinkachokera mbali inayo.

"Adadi, taimani. Tabwerezani."

Anabwereza.

"Mukumenyera kumanzere!"

"Wangoona lero?" anatero mayi ake, chopanira zovala chili pakamwa. Anachilavulira m'beseni. "Bambo akowa ndi amanzere. Ndevu amameta ndi lamanzere, singano amalowetsa ulusi ndi lamanzere. Lamanjalo n'la cholembera ndi kupatsira moni basi."

"Ndiye inu mumadziwa? Masabata atatu onsewa?"

"Ine anandiuza kuti ndisalowerere za gofu."

Namwino anatembenukira kwa bambo ake, maso atafiira. "Bwanji osanena, adadi? Ndakhala ndikukukalipirani ngati mwana wa sukulu!"

A Kapinga anatsamira chikwakwa. "Unasiya majekete ako chifukwa cha zimenezi."

"Majekete? Kutentha kuno ndikanawavala kuti?" Anayamba kuseka, misozi ili mbwembwembwe. "Mwataya theka la nthawi yanu chifukwa cha majekete! Tsono titani? Kuitanitsa zina kunja zifika mayeso atadutsa."

"Usavutike," anatero a Kapinga. "Ndikudziwa kolowera."

Lolemba m'mawa a Kapinga ndi mwana wawo anali m'chipinda cha a Makiyi. Kuseri kwa matumba a feteleza ndi mapaipi othirira kunali mgolo wodzaza ndodo zoiwalika: za alendo amene anakwera ndege osazikumbukira, ndi za anthu amene gofu inawakwiyitsa n'kuzisiya dala. Ndodo ikatha chaka mwini wake osaoneka, kalabu inkalola kuti ipatsidwe kwa woifuna. Anakhuthulira mgolowo pansi. Mwa ndodo zoposa makumi anayi, zamanzere zinapezeka zisanu ndi imodzi.

"Titenge zonse," anatero namwino. "N'zochepa kale."

"Dikira."

A Kapinga anaziyala pa simenti mmene ankayalira zida za ntchito m'mawa, n'kunjuta patsogolo pake.

"Ine ongoyamba kumene ndawaona ambiri," anatero. "Amaima pachikwama ngati munthu wosankha malaya pamsika. Atulutse iyi, abweze, atulutse iyo. Akamadzamenya mpira, mtima ukadali m'chikwama. Ndatsala ndi masabata atatu. Sindingazolowerane ndi alendo asanu ndi mmodzi."

Anayamba ndi yaitali kwambiri, ya mutu waukulu ngati chibakera cha munthu wonenepa.

"Imeneyo ndiye mfumu," anatero a Makiyi. "Ikagunda, mpira umakafika mawa."

"Umakafika kumpanda. Mipira yonse imene ndinkatola ndili mnyamata inkatumizidwa ndi imeneyi." Anaikankhira pambali.

Ina inali ndi mng'alu pafupi ndi mutu, ndipo anaitaya. Anatola ya nambala faifi, n'kuiyendetsa m'mwamba kawiri. "Iyi ikhala ya kutali." Anatola ya nambala naini, ya nkhope yopendekeka. "Iyi ya pafupi, yokwezera mpira." Kenako anatola pata, ndodo yogubuduzira mpira pa gilini, yakalekale, yadzimbiri, yosalala mbali zonse ziwiri. Anaigwira nthawi yaitali. "Iyi ndiye tidzamvana."

Inatsala imodzi, yaifupi ndi yolemera kunsi.

"Imeneyo ndi ya mumchenga, adadi. Musaisiye. Nanga mukagwera m'dzenje la mchenga?"

"Ya mumchenga imafuna mwezi wakewake. Ndaona madokotala akulira nayo. Ine ndingoonetsetsa kuti ndisagweremo."

A Makiyi anaseka mpaka kutsokomola. "Wamva, mwana wanga? Mawu a munthu amene sanasewerepo amenewo."

Anatuluka panja ndi ndodo zitatuzo. A Kapinga anaika mpira pansi, anaima mbali imene thupi lawo linkafuna chibadwire, n'kutchetcha. Kho! Mpira unanyamuka motsika, molunjika, n'kukagwa patali ndithu, kenako n'kumagubuduka pa nthaka youma ngati wakumbukira kwawo.

"Aaa," anatero a Makiyi. "Khasu lija ndibweze?"

Kuyambira tsikulo foni inakhala m'thumba. M'mawa ankamenya faifi, dzuwa likakwera naini, madzulo pata. Sankafuna kumenya patali. Mvula inali itasiya kale, nthaka inali gwa, ndipo ankadziwa kuti mpira wotsika umayenda wokha mtunda umene ena amautuluka thukuta. Sikuti zonse zinkayenda. Masiku ena mpira unkathawira kumanja popanda chifukwa, ndipo mapewa ankawawawa mpaka mayi a kunyumba ankawathowa ndi madzi otentha uku akuwanena kuti ukalamba wawapeza ndi chibwana.

Tsiku la mayeso linali Loweruka m'mawa. Kaputeni anafika akukoka chikwama chake pa kangolo ka matayala awiri. Anapeza a Kapinga ataima poyambira, atavala malaya oyera ositidwa bwino, ndodo zitatu zili m'khwapa zitamangidwa ndi mphira.

"Mwadzuka bwanji, a Kapinga? Chikwama mwasiya kuti?"

"Ndadzuka bwino, bwana. Katundu ndi yemweyu."

Kaputeni anayang'ana ndodozo mmene ankayang'anira m'kamwa mwa munthu amene wachedwa kubwera kuchipatala. "Lamulo limaletsa kupitirira khumi ndi zinayi," anatero. "Za kuchepa silinenapo. Tiyeni."

Tsiku limenelo, mosadziwika bwino, antchito onse a pabwalopo anapezeka ndi ntchito pafupi ndi dzenje loyamba. Wina ankapalasa masamba pamalo opanda masamba. Wina ankathirira mtengo wouma. A Kapinga anawaona onse. Anakweza faifi, anatsitsa, n'kuphonya mpira wonse.



"Kumeneko timawerenga," anatero Kaputeni motsitsa mawu, akulemba pa khadi.

"Ndikudziwa, bwana."

Dzenje loyambalo linawadyera kasanu n'kanayi. Namwino, amene ankayenda m'mbali ndi botolo la madzi, anawerengera pa zala n'kuluma mlomo. Akapitiriza choncho, pofika dzenje lachisanu ndi chiwiri nkhani ikhala itatha.

Koma pochoka pa gilini yoyambayo, mapazi a a Kapinga anayamba kuzindikira pamene ali. Apa ndi pamene paipi inaphulika chaka cha chilala. Apo ndi pamene anadzala okha kapinga wochokera ku nazale. Anasiya kuganiza za anthu. Ankamenya faifi kawiri kapena katatu, molunjika, mpira n'kumadumphadumpha pakati pa bwalo. Akayandikira ankaukweza ndi naini. Pachikwama sankaimapo, poti panalibe chikwama. Ndipo mpira ukangofika pa gilini, Kaputeni ankasiya kulemba n'kumaonerera, chifukwa mdalayo sankagwada n'komwe kuti aone kupendekeka kwa nthaka. Ankangoyenda kuchoka pa mpira kukafika pa dzenje, n'kubwerera, n'kugubuduza.

Atamaliza maenje asanu ndi awiri, khadi linkati 48. Anatsala ndi maenje awiri, ndi mwayi womenya ka 12.

Dzenje lachisanu ndi chitatu linali lalifupi, koma kutsogolo kwa gilini yake kunali dzenje la mchenga limene mamembala ankalitukwana m'zinenero zosiyanasiyana. A Kapinga anamenya koyamba bwinobwino. Kachiwiri naini inawaterereka m'manja, mpira unapita chammbali, n'kukatera mumchenga kuti phwa.

"Mayo ine," anatero namwino, atagwira kumutu. "Ija munaisiya ija!"

A Makiyi, amene anali atatseka chipinda chawo n'kumatsatira chapatali, anavula chipewa.

A Kapinga analowa mumchengamo n'kuima. Kutsogolo kwawo kunali khoma la dzenjelo, lofika m'chiuno. Pamenepo ndi pamene ongoyamba kumene amamenya kanayi, kasanu, mchenga uli m'maso, mpira ukubwerera pamapazi. Koma dzenje limeneli analikumba ndi iwo, ndi fosholo, mwana wawoyu asanabadwe. Ankadziwa kuti chakumanzere kwake anasiya potsika, popanda mlomo, potulutsira wilibala. Ankadziwanso kuti chothirira cha pa gilini imeneyi chimaponya madzi mopitirira, moti mchenga wa mbali imeneyo umakhala wonyowa ndi wolimba mpaka masana. Anasiya naini n'kutenga pata.

"Bwana, pali lamulo loletsa iyi muno?"

Kaputeni anakanda chibwano. "Palibe. Kungoti anthu sachita."

A Kapinga anafulatira pang'ono mbendera yozikidwa pa dzenje la pa gilini, n'kugunda mpira mwamphamvu chakumanzere. Unathamanga pamwamba pa mchenga wonyowawo, unakwera potulukira wilibala paja, n'kukaima m'mphepete mwa gilini. Wothirira mtengo wouma uja anakuwa ali kuseri kwa tchire, mnzake n'kumutseka pakamwa. A Kapinga anagubuduza kawiri, mpira n'kulowa. Khadi linati 53.

Dzenje lomaliza linali lalitali kuposa onse, lokwera mtunda kulunjika ku khonde la kalabu, kumene mamembala anali atayamba kutembenuza mipando. Anatsala ndi kasanu n'kawiri. Apa ndi pamene ndodo ya mutu waukulu ija ikanathandiza, ndipo a Kapinga anaikumbukira ndithu. Faifi yoyamba inayenda bwino. Yachiwiri anaimenya pamutu, mpira n'kungokwawa mapazi makumi awiri. Mapewa anali atayamba kuyaka. Anapuma, anamwa madzi, anapukuta manja pa buluku. Yachitatu ndi yachinayi zinawafikitsa m'munsi mwa gilini. Naini inaukweza mpira, koma unakaima kumapeto kwenikweni, kutali ndi mbendera ngati kuchoka pakhomo la tchalitchi kukafika kuguwa.

"58," anatero Kaputeni. "Mwatsala ndi kawiri. Gilini imeneyi ine imandidyera katatu."

A Kapinga anayenda kukafika pa dzenje n'kubwerera. Kenako analoza pata kumtunda, kutali ndi mbendera, ngati akufuna kumenyera mpira ku malo oimika magalimoto.

"Adadi," ananong'ona namwino, "dzenje lili uku."

"Ndikudziwa kumene lili, mayi."

Anagunda. Mpira unakwera kamtunda kosaoneka, unachita ngati waima, kenako unayamba kukhota. Pakhonde munthu wina anaimirira. Mpirawo unatsetsereka pang'onopang'ono, ukukhotabe, ukukhotabe, unafika pamlomo pa dzenje, unazungulira theka, n'kugweramo kuti khobo.

Phokoso linayambira kutchire. Antchito anatulukira mbali zonse, wina akuimba fosholo ndi sipanala, wa thirakitala akuliza hutala osalekeza. A Makiyi ankathamanga mozungulira gilini, makiyi ali jegwejegwe m'chiuno, akufuula kuti, "Ndodo zanga zimenezo! Zachokera mwa ine!" Namwino anaiwala zonse zimene anaphunzira kunja zokhudza kudzigwira pagulu, n'kulumphira bambo ake m'khosi. Pakhonde ena anawomba m'manja ndi mtima wonse, ena anawomba poti anzawo akuwomba.

A Kapinga anawerama, anatulutsa mpira m'dzenje, n'kupapasa m'mphepete mwake ndi chala. Anaitana munthu amene anawalowa m'malo pa ntchito ya magilini.

"Dzenje ili waliboola ndi chitsulo chobuntha. Ukachinole."

"Chabwino, akulu," anatero munthuyo, mano onse ali pamtunda.

Kaputeni anawerengera khadi kawiri, analemba 59, n'kusaina. Anavula chipewa, anawagwira chanza, koma dzanjalo sanalisiye msanga. Anasuzumira kukhonde, n'kutsitsa mawu.

"A Kapinga, Loweruka likubwerali kuli mpikisano wa awiriawiri. Pali loya wina wakhala akundigonjetsa zaka zinayi, ndipo amandiseka ngakhale atakhala pampando wanga pakamwa pali yasa. Mwapeza kale woti musewere naye?"

A Kapinga anamanga ndodo zawo ndi mphira uja mosafulumira, n'kuziika m'khwapa.

"Sindinaganizepo, bwana," anatero. "Koma mmene ndaonera lero, pa gilini mumafulumira kwambiri. Mubwere Lachitatu m'mawa, tidzaone ngati mungaphunzitsike."